Bambo akufuna kuwonjezera achemwali mu trust ya nyumba za ku Joni, koma achimwene akukana

Mayi wa ku Turffontein

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kwathu, mundipirire chifukwa italika.

Bambo athu anabwera ku Joni kuno pa Theba mu 1979. Anzawo atabwerera kumudzi iwo anatsalira, nayamba utelala. Ndalama za makina osokera ndi zimene anagulira nyumba ziwiri, ina kuno ku Turffontein, ina ku Rosettenville. Mu 2008 loya anawalangiza kuti nyumbazo aziike mu trust ya banja (pangano loti anthu osankhidwa azisunga chuma kuti ena apindule nacho), kuti shopu ikadzagwa m'ngongole nyumba zisadzapite nawo. Chikalata chake chimati opindula ndife ana atatu a mayi athu malemu: achimwene, ine ndi mng'ono wanga. Za lendi timagawana mofanana akachotsa zolipira ku khonsolo ndi zokonzetsera, ndipo bambo akadzatisiya nyumbazo zidzakhala za atatufe. Pa tsamba lachiwiri analembapo kuti trust imeneyi ndi irrevocable, kutanthauza kuti zimene bambo anapereka sangazibweze.

Koma ana tilipo anayi. Achemwali athu aakulu, a mayi ena, amene bambo anawasiya akukwawa pobwera kuno, ali ku Ntcheu. Iwowo sanalembedwe.

Chaka chatha bambo anadwala sitiroko, dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Anati akufuna kwawo, tinawaperekeza. Amene akuwadwazika ndi achemwaliwo. Nditapita mu Disembala ndinaziona ndi maso. Kusanache amakhala atatereka kale madzi pamoto, mwana wawo wamwamuna n'kuwanyamula agogo akewo kukawasambitsa kuseri, iwo n'kumawamwetsa phala ndi supuni, kuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Munda wawo wa kachewere chaka chino wagonera. Tsiku lina bambo anandigwira dzanja nati, "Mwanayu ndinamulakwira. Mukamulembe, mugawane anayi."

Ine ndi mng'ono wanga tavomera. Achimwene akana kwamtuwagalu. Akuti nyumbazo ndi thukuta la mayi athu, amene ankasita ndi kusokerera mabatani mpaka pakati pa usiku. Ma trustee, oyang'anira trust imeneyi, ndi atatu: bambo, achimwenewo, ndi akauntanti wina. Kodi chikalata choterechi chingasinthike? Nanga bambo sangangolamula, poti anachiyambitsa ndi iwo?

Bambo a ku Area 25

Pepani ndi matendawo, mayi. Koma ine sindikuona pamene pali vuto. Mwini chuma ali moyo, mutu ukugwira, wanena zimene akufuna. Mwana angatsekereze bwanji bambo ake pa nyumba zimene sanagule? Akanakhala kuno akanangoitanidwa pabwalo la banja, n'kutha.

Kalaliki wa maloya, Pretoria

Bambo a ku 25, mtima wanu uli pabwino, koma lamulo la kuno siliyenda choncho, ndipo mabanja ambiri amapunthwa pomwepa. Nyumbazo si za bambo awonso. Tsiku limene zinalembetsedwa m'dzina la trust zinachoka m'manja mwawo, n'chifukwa chake angongole a shopu sakanazigwira. Sizingatheke kuti angongole akabwera nyumba zikhale za trust, koma bambo akasintha maganizo zikhale zawo.

Ine si loya, ndimangogwira ntchito mu ofesi imene mapepala oterewa amadutsa m'manja mwanga tsiku ndi tsiku. Mawu akuti irrevocable asakufooketseni kwambiri, mayi. Amaletsa bambo kubweza chumacho paokha, koma satseka makomo onse. Ku South Africa trust imene munthu wakhazikitsa akadali moyo amaitenga ngati pangano la pakati pa woyambitsa ndi ma trustee, lopangidwa kuti ena apindule. Awiriwa akhoza kugwirizana kulisintha, pokhapokha ngati opindulawo sanavomere kale phindu lawo. Akavomera, alowa nawo m'panganolo, ndipo kusintha kumafuna chilolezo chawo.

Ndiye mundiyankhe zitatu. Kodi m'chikalatamo muli ndime yonena za kasinthidwe, ndipo ikuti chiyani? Za lendizo mwakhala mukulandira? Nanga chikalata chimatchula magawo anu, kapena chimasiyira ma trustee kusankha woti apatsidwe?

Mayi wa ku Turffontein

Ndachitulutsa m'sutikesi ya mayi momwe chimakhala, masamba 23. Ndime 21 ikuti bambo akadali moyo chikalata chingasinthidwe ngati iwo agwirizana ndi ma trustee onse, polemba. Akadzamwalira palibe kusinthanso za opindula. Magawo anatchulidwa, aliyense gawo limodzi mwa atatu. Lendi tinayamba kulandira mu 2012, ndipo chaka chilichonse akauntanti amatisainitsa pepala.

Kalaliki wa maloya, Pretoria

Ndiye achimwene anu aima pa zitseko ziwiri. Choyamba, ndi trustee, ndipo ndimeyo yati onse. Chachiwiri, ndi wopindula amene wakhala akulandira ndi kusainira kuyambira 2012, zimene khoti lingazione ngati kuvomera. Kuti achemwali alowe, gawo lawo liyenera kuchepa kuchoka pa limodzi mwa atatu kufika pa limodzi mwa anayi. Zimenezo sizingachitike iwo asanalole.

Pali mlandu wodziwika wa Potgieter, umene Supreme Court of Appeal inagamula mu 2011. Bambo wina anakhazikitsa trust ya ana ake awiri. Atakwatiranso anagwirizana ndi ma trustee n'kusintha chikalata kuti alowetsemo mkazi watsopanoyo ndi ana ake. Atamwalira, ana awiri aja anapita kukhoti, ndipo khoti linati kusinthako n'kopanda mphamvu, chifukwa phindu lawo linali litavomerezedwa kale m'malo mwawo ali ana, ndipo posintha sanafunsidwe. Zonse zinabwerera pa chikalata choyamba. Taganizani, mkazi ndi ana akewo anakhala zaka akudziwa kuti ali m'kati, n'kudzapezeka kuti mulibe.

Ndikunena izi kuti musayesere kudutsa kumbali. Mukatero, amene adzavutike patsogolo ndi achemwali omwewo, bambo kulibe.

Mnyamata wa ku Cape Town

Bwanji osangowachotsa achimwenewo pa u trustee? Atsala awiri, bambo ndi akauntanti, asaina, yatha. Kapena kuvota, awiri kwa mmodzi.

Kalaliki wa maloya, Pretoria

Ayi achimwene. Kuvota kumagwira pa zinthu zimene chikalata chalola kuti ambiri apambane, monga kukonzetsa denga. Pa kusintha chati onse. Kuchotsa trustee nakonso si masewera. Ndime 20 ya Trust Property Control Act ya 1988 imalola khoti kuchotsa trustee ngati kutero kuli kokomera trust ndi opindula ake. Munthu amene sakuba, sakubisa mabuku, wangokana kuti chikalata chisinthidwe, mumuneneza chiyani? Ndipo ngakhale atachoka, adakali wopindula. Chitseko chachiwiri chija chidakali chotseka.

Nesi wa ku Leeds

Kuno ku England tinakumana ndi zofananako pa trust imene apongozi a mnzanga wa kuntchito anasiya. Lamulo lakale la mlandu wa Saunders v Vautier wa 1841 limati opindula onse, ngati ndi akuluakulu, amutu wabwino, ndipo chuma chonsecho ndi chawo, akhoza kugwirizana kuthetsa trust n'kugawana mmene akufunira. Pakakhala ana aang'ono kapena osabadwa, khoti limavomera m'malo mwawo potsatira Variation of Trusts Act ya 1958, likaona kuti n'zowapindulitsa. Koma wamkulu wamutu wake amene wakana, khoti silimuvomerera. Malamulo ndi a maiko awiri osiyana, koma onse akufika pamodzi: wokanayo ayenera kunyengereredwa, osati kulumphidwa.

Bambo a ku Area 25

Ndiye mukutanthauza kuti khoti lingaone mayi akudwazika bambo ake, munda utagonera, n'kunena kuti palibe chochita? Chilungamo chake chili pati?

Kalaliki wa maloya, Pretoria

Khomo la khoti lilipo, koma ndi lopapatiza. Ndime 13 ya Trust Property Control Act ija imapatsa khoti mphamvu yosintha kapena kufufuta ndime ya chikalata. Koma muyenera kuonetsa zinthu ziwiri pamodzi. Choyamba, kuti ndimeyo yabweretsa zotsatira zimene woyambitsa sanaziganizire kapena kuziyembekezera. Chachiwiri, kuti zotsatirazo zikulepheretsa cholinga cha woyambitsa, kapena zikupweteka opindula, kapena zikutsutsana ndi zokomera anthu onse.

Tsono apa loya wa achimwene adzangofunsa funso limodzi: kodi mu 2008 bambo sankadziwa kuti ali ndi mwana ku Ntcheu? Ankadziwa. Anamusiya akudziwa. Chimene chasintha ndi mtima wawo, ndipo ndi chinthu chabwino kuti wasintha, koma ndime 13 sinalembedwere zimenezo. Mu mlandu wa Potgieter uja khoti laling'ono linayesa kugawa mmene linaonera kuti n'chilungamo, khoti lalikulu linakana, linati woweruza sangasiye lamulo n'kutsata zimene iye akuona kuti n'zoyenera.

Mukhoza kukafunsa loya wodziwa za trust, ndipo ndikukulimbikitsani kutero, atenge chikalata chonse awerenge. Koma mlandu wa ku High Court umadya ndalama ndi zaka. Bambo odwala sitiroko alibe zaka zodikira.

Mnyamata wa ku Cape Town

Zikundikumbutsa za Rupert Murdoch, mwini Fox News uja. Trust ya banja lake ya 1999 inali yosabwezeka, yopatsa ana ake anayi akuluakulu mphamvu zofanana iye akadzamwalira. Anafuna kuisintha kuti mwana wake Lachlan yekha alamulire. Mu Disembala 2024 khoti la ku Nevada linamukanira. Zinatha mu Seputembala 2025 pogwirizana, ana atatu enawo, Prudence, Elisabeth ndi James, atalandira ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola aliyense kuti achoke. Ngati munthu wa maloya ambirimbiri ngati ameneyo anakathera pokambirana ndi ana ake, ndabweza mawu anga aja ovota.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Ngakhale kwathu kuno tinazionapo. Press Trust imene Kamuzu anakhazikitsa mu 1982, boma latsopano litafuna kusintha kayendetsedwe kake silinangolamula. Linachita kupititsa lamulo ku Nyumba ya Malamulo mu 1995, ndipo nkhaniyo inakafika mpaka ku Supreme Court. Chinthu chikalowa mu trust chimavuta kuchitembenuza.

Koma ine ndikufuna ndiyankhulepo za achimwenewo, chifukwa pagulu pano tayamba kuwaona ngati chipika chogwera pamsewu. Mayi wa ku Turffontein, mwamva bwino zimene akunena? Sakuti ndalama zichepa. Akuti mayi athu. Mwana woyamba wa mayi anu ndi amene anaona zambiri: nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, simbi ikuwotcha manja, mayi akugona pa mulu wa nsalu. Mwina kwa iye kulemba dzina lina m'chikalatamo kuli ngati kufufuta dzina la mayi ake. Munthu wotero mukamubweretsera loya mumamuumitsa mtima kuposa kale. Kodi anapitako ku Ntcheu chidwalire bambo?

Mayi wa ku Turffontein

Aphunzitsi, mwandilasa mtima. Sanapiteko. Anatiperekeza pa Park Station tsiku limene tinkakwera basi, basi. Amatumiza ya mankhwala mwezi uliwonse osadumphitsa, pamenepo sindingawanamizire. Koma achemwali anaonana nawo kamodzi kokha, pa maliro a agogo, tili ana. Ndipo n'zoona, mayi atadwala mu 2015 amene ankagona pa benchi kuchipatala anali iwowo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Ndiye akukana munthu amene sakumudziwa. Pamenepo pali poyambira. Ndipo woyankhula naye asakhale inu kapena bambo. Kodi amalume anu, alongo awo a mayi anu, alipo? Dandaulo lake ndi la mayi ake, ndiye amene angamumasule ndi wa kuchikazi. Amalume akanena kuti "mlongo wanga sakanakondwa kuona mwamuna wake akudwazikidwa ndi mwana amene sadzapatsidwa kanthu," mawuwo adzalemera mosiyana ndi anu.

Akauntanti wa ku Midrand

Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ndiwonjezere za msonkho, chifukwa ngakhale achimwene atavomera mawa, kulemba achemwali mu trust mwina si njira imene ingawapatse zambiri.

Trust kuno imalipira msonkho wa 45 peresenti pa phindu limene yasunga. Ikagawira opindula m'chaka chomwecho, msonkho umagwera opindulawo pa mlingo wawo, umene kwa ambiri ndi wotsika. Umu ndi mmene inu atatu mwakhala mukuchitira. Koma kuyambira pa 1 Malichi 2024 mwayi umenewu unatsalira okhala mu South Africa okha. Wopindula akakhala kunja, monga ku Ntcheu, gawo lake la lendi limadulidwa msonkho mu trust momwemo pa 45 peresenti. Pa R10,000 iliyonse ya achemwali, R4,500 ipita ku SARS, bungwe lotolera msonkho kuno. Komanso munthu akasiya gawo lake lokhazikika kuti lipite kwa wina, SARS ikhoza kuona ngati mphatso, ndipo mphatso zikapitirira malire a pachaka zili ndi msonkho wa 20 peresenti. Izi muyenera kuwerengetsa musanasaine kanthu.

Tsono funso langa lalikulu ndi ili. Nyumbazo zinalowa bwanji mu trust? Bambo anazipereka ulere, kapena anaigulitsa trust pa ngongole? Nthawi zambiri maloya amachita zachiwirizi pothawa msonkho wa mphatso. Trust imakhala ilibe ndalama, ndiye imalemba kuti ili ndi ngongole kwa woyambitsa. Taonani m'mabuku a chuma a chaka chatha, pa tsamba la zimene trust ili nazo ndi ngongole zake. Fufuzani mzere wonena za loan, pafupi ndi dzina la bambo.

Mayi wa ku Turffontein

Ulipo! Mzere wake ukuti loan from founder. Ndakhala ndikusainira mapepalawa zaka zonsezi osaufunsa. Ndalama yake ndi yochuluka ndithu, ingakwane pafupifupi theka la mtengo wa nyumba ya ku Rosettenville. Zikutanthauza chiyani?

Akauntanti wa ku Midrand

Zikutanthauza kuti nyumba si za bambo, koma ngongoleyo ndi yawo. Ndi chuma chawochawo, ngati ndalama ya kubanki. Sichili pansi pa ndime 21, sichifuna chilolezo cha achimwene. Malinga ndi mmene pangano la ngongoleyo linalembedwera, akhoza kupempha kuti trust iyambe kuwabwezera pang'onopang'ono, ndalamayo izithandiza pa matenda ndi pakhomo pa achemwali. Ndipo yotsalayo akhoza kulemba mu wilu kuti idzakhale ya achemwali. Akadzamwalira, trust idzakhala ndi ngongole kwa iwowo.

Ndisakubisireni, izi zidzakhudza thumba la atatu nonse, chifukwa ndalama yobwezera ngongole ichokera ku lendi yomweyo, kapena pogulitsa nyumba imodzi. Ndiye achimwene auzidwe poyera, asadzazimve bambo atapita. Chinanso, onani wilu imene bambo ali nayo panopa. Maloya ambiri amalemba kuti ngongole yotere idzasiyidwe kwa trust yomweyo. Ngati ili choncho ndipo sisinthidwa, achemwali sadzaona kanthu.

Kalaliki wa maloya, Pretoria

Akauntanti atsegula khomo lenileni. Ndiwonjezere za wiluyo, poti mwati dzanja lamanja linafa. Pa lamulo la kuno, Wills Act ya 1953, pamafunika mboni ziwiri zosachepera zaka 14, zonse zikhalepo nthawi imodzi. Munthu akasaina ndi chidindo cha chala, pamafunikanso commissioner of oaths, munthu wololedwa kulumbiritsa anthu, woti atsimikize kuti ndi iyeyo ndipo wiluyo ndi yake. Wolandira kanthu mu wilu asakhale mboni, mwamuna wakenso ayi. Popeza bambo ali ku Malawi ndipo chumacho chili kuno, loya wa kuno alembe ndi kukuuzani kasainidwe koyenera kumeneko.

Ndipo chonde, dokotala awaone bambo masiku omwewo n'kulemba kalata yoti mutu wawo ukugwira bwino. Tsiku losaina achemwali asakhale m'chipindamo, apite kumsika kapena kumunda. Si kuwakayikira ayi. N'kuwateteza, kuti wina asadzanene kuti anawanong'oneza odwala.

Achimwene akadzavomera za trust, kusinthako kulembedwe, onse asaine, n'kukaperekedwa ku ofesi ya Master of the High Court, yoyang'anira ma trust, kumene trust inalembetsedwa. Kaundula wa eni phindu amene ma trustee akhala akupereka kwa Master kuyambira mu 2023 nayenso akonzedwe. Koma zichitike bambo ali moyo, poti ndime 21 ikutseka akangotsikira kuli chete.

Bambo a ku Area 25

Ndaphunzirapo. Ine ndimaganiza kuti trust ili ngati wilu, yoti ukadzuka ndi maganizo ena ung'amba n'kulemba ina. Ndili ndi kanyumba ku Mchesi kamene mwana wanga amandikakamiza kuti tikaike mu trust. Ndiyamba ndawerenga ana anga onse bwinobwino ndisanapite kwa loya.

Nesi wa ku Leeds

Mayi wa ku Turffontein, kanthu kamodzi ka ine monga wodwazika anthu. Mapepala atenga miyezi. Achemwali anu atopa lero. Wodwazika wa sitiroko msana umamupweteka, tulo sagona, ndipo sadandaula chifukwa ndi bambo ake. Inu ndi mng'ono wanu simufuna chilolezo cha munthu kuti mutape pa gawo lanu. Apezereni munthu wowathandiza masiku angapo pa sabata, ndi aganyu a kumunda.

Mayi wa ku Turffontein

Ndabweranso patapita masabata atatu kuti ndikuuzeni pamene tafika.

Tinapita kwa loya ine ndi mng'ono wanga. Anawerenga chikalata chonse, ndipo za ndime 21 ndi za khoti ananena zomwe a Kalaliki ananena. Wilu ya bambo ya 2008 inalidi yosiyira trust ngongole ija. Ndinawaimbira bambo, ndinawafotokozera pang'onopang'ono, kawiri. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti ndili nako kanthu komupatsa." Loya akulemba wilu yatsopano, ndipo dokotala wa ku boma wavomera kuwaona.

Kuyambira mwezi uno awirife tikutumiza kuchokera pa magawo athu. Achemwali apeza mayi wina wa m'mudzi momwemo wobwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo akuti kudimba adzalako kabichi.

Amalume ali ku Balaka. Ndinachita mantha kuwaimbira, koma anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anayankhula ndi achimwene Lamlungu, ola lathunthu. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Za ngongole ndi wilu tinawauza achimwene ife tomwe, pamaso, kunyumba kwawo. Anakwiya, anatuluka panja, anakhala m'galimoto nthawi yaitali. Atabwerera sananene kuti avomera za trust, ndipo mpaka lero sanatero. Anangofunsa kuti msewu wochokera pa Tsangano Turn-off kukafika kumudzi uli bwanji nyengo ino, ngati galimoto yaing'ono ingadutse.

Dzulo anditumizira chithunzi cha tikiti. Anyamuka Lachinayi la sabata ya Pasaka, ndipo andipempha nambala ya achemwali kuti awafunse saizi ya nsapato za bambo, poti phazi lodwalalo linatupa.